Malungo a Fakitale ya Bhasin

Ku Ludhiana fakitale imadwala ngati munthu. Ikakhala zaka zingapo osapanga phindu, boma limailemba kuti ndi yodwala, kenaka limaipatsa magetsi otsika mtengo, kuikhululukira msonkho ndi kuisisita pamutu. Fakitale ya Lala Omkar Bhasin inagona pamphasa chotere Satwant Kaur akadali ndi tsitsi lakuda. M'kudwala kwakeko inabereka nyumba yosanja, galimoto ziwiri, ndi ukwati wa mwana wamwamuna umene anthu akuusimbabe.

Satwant ankapanga mabelu a njinga, monganso Bhasin. Fakitale yake sinadwalepo ngakhale chimfine, ndipo tchimo lake linali limenelo. Bhasin ankagulitsa belu pamtengo wosakwana ngakhale chitsulo cha m'belumo. Tsopano kampani ya njinga imene inkagula kwa Satwant kuyambira malemu amuna ake ali moyo inamuuza, mwaulemu wonse, kuti akalephera kutsika mpaka pamtengo wa Bhasin, oda ya chaka chino ipita kwa Bhasin. Popanda oda imeneyo, geti la Satwant likanangotsekedwa.

Lamulo lilipo, lokongola ndithu: thandizo la boma ndi mankhwala ochiritsira wodwala, si chibonga chomenyera anzake pamsika. Satwant anakadandaula ku bungwe loona za mpikisano pamalonda. Bungwelo linasankha Tripathi Sahib, bambo amene ankayenda ngati ndi lamulo lenilenilo lavala jekete. Linadziwitsanso Bhasin tsiku limene Sahib adzafike, poti wodwala sadzidzimutsidwa.

Satwant sanaitanidwe. Koma kuzonda matenda sikulira kuitanidwa. Anagula dengu la malalanje, anafunda mpango kumutu, nakwera rikisho, kangolo kokokedwa ndi njinga.

Fakitale imene dzulo lake inkanjenjemeretsa makoma a dera lonse inali zii. Makina anali atawafunditsa nsalu zoyera. Antchito kunalibe, kupatula mlonda wokalamba amene ankatsokomola nthawi iliyonse akakumbukira. Bhasin anavala juzi yobooka pachigongono. Mphete anali atavula, koma zala zinasunga mizere yake. Tripathi Sahib anali pampando wabwino, akumwa tiyi ndi pakora wotentha, tizitumbuwa ta ndiwo zamasamba.

"Lalaji, ndamva za matenda," anatero Satwant, akuika dengu patebulo. "Lero mwadzuka bwanji? Chakudya chikulowako?"

"Bhainji, mlongo wanga, mwavutikiranji," anayankha Bhasin ndi mawu a munthu wotsala pang'ono. "Tikungopumira chisomo cha boma."

"Chisomocho ndachiona. Mwachibisa kuseri kwa mpanda, cha matayala anayi."

Tripathi Sahib anaika kapu pansi pang'onopang'ono, kuti aliyense aone. "Mayi, pano boma lili pantchito. Ndinu yani?"

"Ndine uja ndinadandaula, Sahib. Uja wabwinobwino."

Satwant anayenda mpaka pa makina aakulu osindikizira mabelu, nalowetsa dzanja pansi pa nsalu monga mayi achitira pamphumi pa mwana. Analichotsa msangamsanga.

"Mayo! Wodwalayu thupi moto! Sahib, tabwerani mugwire. Apa mukhoza kuotchapo buledi wathu wa roti."

"Ndi dzuwa limenelo," anatero Bhasin.

"Mu Januwale, m'nyengo yozizira ino, Lalaji? Ndi chifunga chili panjachi? Dzuwa lanu limatulukira m'mawaya?"

Tripathi Sahib sanadzuke. Anapukuta mafuta a pakora m'zala, chala chimodzichimodzi. "Mayi, ine ananditumiza kudzaona. Ndipo ndaona: makina sakuyenda. Kugwira ndi kwa a nthambi ya zamakina. Mukapempha, adzabwera."

"Liti?"

"Adzadziwitsa Lalaji."

Satwant anali atadzilonjeza yekha m'rikisho muja kuti sakweza mawu, koma lonjezolo linatsalira momwemo.

"Ine magetsi ndimalipira onse, msonkho onse, antchito anga sanagonepo ndi njala. Msonkho wangawo ndi umene mumagulira munthu uyu mankhwala. Iye samwa! Amatenga botolo n'kundiswa nalo mutu, inu n'kubwera kudzamufunsa ngati dzanja silikupweteka! Ngati simungamuletse, ndipatseni nane magetsi akewo, tione belu la ndani limalira bwino."

"Zosatheka," anatero Tripathi Sahib, wokhumudwa kuti munthu wamkulu sadziwa zimenezi. "Boma silingathandize fakitale yathanzi. Kumeneko kungakhale kusokoneza mpikisano."

Bhasin anagwedeza mutu mwachisoni, kuvomereza.

Kenaka Sahib anafewa, poti anali munthu wachifundo akakhuta. "Koma musataye mtima, mayi. Odayo ikachoka muyamba kuluza. Mukapirira zaka zingapo, nanunso mudzalembedwa kuti ndinu odwala. Ndidzabwera ndekha."

"Zaka? Popanda odayo sindifika nako kokolola tirigu."

"Aa. Zikatero ndiye kuti yafa, mayi, sinadwale." Anatenga pakora wina. "Zakufa si nthambi yathu."

Mlonda anakumbukira, natsokomola.

Bhasin anatambasula dzanja kuti atenge lalanje. Satwant analimenya dzanjalo, phaa, ngati la mwana wakuba shuga, nanyamula dengu lake.

"Awa ndi a odwala," anatero.

Atafika kufakitale yake anapeza makina akulira, mabelu atsopano akugwera m'madengu, ngwee ngwee, onyezimira ngati palibe chalakwika. Antchito anaimitsa manja, namuyang'ana. Onse ankadziwa kumene anapita. Satwant anayenda mzere wonse, kuyambira kwa wosindikiza mpaka kwa amayi olongedza, akupatsa aliyense lalanje. Palibe amene anafunsa kuti zayenda bwanji. Ku Ludhiana ngakhale mwana amadziwa kuti malalanje amatengera odwala.