Maso a Telala

"Bwerani mudzaone!" anafuula mwana woyamba wa malemu telala, atagwada pafupi ndi makina osokera. Panali patapita masiku anayi chiikire maliro. Pansi pa maulusi ndi mabatani anali atapeza envelopu yodzaza ndi zithunzi zozungulira, zofiirira, zokhala ndi timizere ngati mizu.

Mlongo wake, dalaivala wa basi, anazitembenuza uku ndi uku. "Kodi ndi mazira okazinga?"

"Ndi m'kati mwa maso a bambo anu," anatero mayi awo. "Mtsempha wa maso unkafa pang'onopang'ono. Ankakajambulitsa miyezi itatu iliyonse, inu n'kumakunamizani kuti akukagula nsalu. Sankafuna kumveredwa chisoni."

Kuseri kwa chithunzi chimodzi bambo anali atalemba kuti: Adokotala akuti matendawa amayenda m'magazi. Ana apite.

Mwana woyambayo anayang'ana mlongo wake. Pamaliro paja mlongo wakeyu anawomba phewa pachitseko kawiri konse, ndipo mwezi wathawu anaswa galasi la m'mbali la basi.

"Iwe, mawa tikupita kuchipatala."

"Achemwali, ine ndimaona nyerere ili kutsidya kwa msewu!"

"Nanga chitseko chija chinakulakwira chiyani?"

M'mawa mwake anachita kumukoka ngati mbuzi. Dalaivala anaika chibwano pamakina, kuwala kunati ng'ani, diso lake lonse n'kuoneka pakompyuta. Dokotala analoza kadontho kotuwa pakati pa chithunzicho.

"Matenda aja ayamba, koma mwafulumira. Muzidontheza mankhwala tsiku lililonse, tizikujambulani pafupipafupi. Basi muziyendetsabe."

Mchemwali wake analumpha n'kuwomba m'manja mpaka anesi anasuzumira. Anaseka, analira, kenaka anakankha mlongo wake pampando. "Choka, ndijambulitse nanenso!"

"Ndinu ana a telala, eti?" anafunsa dokotala. "Ulendo uliwonse ankakulembetsani tsiku loti mudzayezedwe maso. Akabweranso ankati, 'Mawu owauzira anawo anandikanika, sunthani tsikulo.'"

Kenaka anagwira thumba la jasi lake loyera. "Ulendo womaliza diso limodzi linali litaferatu. Atamva ndi dzanja kuti thumbali lang'ambika, anatulutsa singano pakolala, n'kulisoka ndili chiimire."

Dalaivala anayandikira. Anatambasula dzanja n'kuyendetsa chala pamsokowo, kuyambira kumwamba mpaka pansi. Sunakhote paliponse.