Duwa Logwira Magazi

Mavis anali ndi pakamwa pothamanga. Mawu ankatuluka kaye, nzeru n'kumabwera pambuyo zikupuma wefuwefu. Pamsika wa ku Mzimba ankamukondera chomwecho, ndipo tomato wake sankagona pabenchi.

Woyandikana naye nyumba anali a Lyson Chimphonda, mphunzitsi wa sayansi wochokera ku Dedza, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Pakhomo pawo anadzala maluwa ofiira okhala ngati lipombo la tambala. Tsiku lina Mavis atadzicheka chala ndi mpeni, aphunzitsi anathyola duwa limodzi, kulifinya, n'kulikanikiza pabala.

"Ndi m'bale wake wa bonongwe limeneli," anatero. "Talawani. Mwaona mmene laumitsira m'kamwa ngati nthochi yaiwisi? Chimenecho ndicho chimagwira magazi kuti asiye kutuluka. Koma ndi la kabala kakang'ono, mayi. Lalikulu muzithamangira kuchipatala."

Anamuonetsanso mabotolo amene anandandalika pawindo. Munali madzi oviikamo maluwawo, ofiira psuu, ophunzitsira ana kusukulu. Anadonthezamo chidulo, madzi aja n'kusanduka achikasu. Mavis anawomba m'manja.

M'mawa mwake nkhani inali pamsika. "Aphunzitsi athu ali ndi duwa logwira magazi, imwe. Mabotolo mbwee pawindo." Anthu anaseka, wina n'kugula tomato milu iwiri.

Umenewo unali mwezi wa Julayi. Pofika Okutobala kunabuka mphekesera ya anamapopa, oyamwa anthu magazi. Palibe anawaonapo, koma aliyense anali ndi msuweni amene anawaona. Mawu a Mavis aja anali asanafe. Anayenda m'minibasi ndi pazigayo, ndipo pobwerera anali atanenepa: duwa logwira magazi linasanduka lokoka magazi, kenako lopopa.

Choipa kwambiri, mwana wa Yoram anadwala. Yoram anali mchimwene wake wa Mavis, wocheka matabwa ku Chikangawa. Kuchipatala anamuuza kuti mwanayo magazi achepa m'thupi. Iye anamva kuti alipo wawatenga.

Loweruka masana Mavis akusefa chidulo cha thelere, anamva phokoso ngati la ku mpira. Atasuzumira anaona khamu lazinga nyumba ya aphunzitsi. Mwala woyamba unaphwanya windo. Chitseko anachigwetsa ndi mtengo, n'kuwakoka aphunzitsi ndi miyendo, mutu ukugunda pamasitepe. Wina anawaponda kumaso, magalasi n'kusweka. Mayi wina amene ankaimba kwaya limodzi ndi Mavis ankawakwapula ndi chikuni. Yoram anatuluka m'nyumbamo atanyamula botolo m'mwamba, chikwanje kudzanja linalo.

"Ndopa izi. Magazi a mwana wanga awa."

"Ndi maluwa, abambo," aphunzitsi anayankha, mano ali ofiira. "Ndi maluwa chabe."

Mantha anamugwira Mavis. Anadziwa kuti akachedwa munthuyo afa, ndipo anadziwanso kumene mawu omuphawo anachokera. Anabwerera kukhitchini, kutenga chitini cha chidulo, n'kuyamba kukankhana ndi khamu. Anthu anali atathinana. Chigongono cha wina chinamung'amba mlomo, mpango unagwa, koma chitini sanachitaye. Ali pakati pa misana ya anthu anamva khamu lonse likufuula kamodzi, ndipo sanafune kuganiza chimene chachitika.

Anatulukira kutsogolo n'kumulanda Yoram botolo.

"Lekani, imwe. Penyani kuno mose."

Anathiramo chidulo. Kufiira kuja kunayamba kusuluka kuchokera pamwamba, mpaka botolo lonse linachita chikasu ngati tiyi wopanda masamba okwanira.

"Amayi muli pano, mwapha nkhuku zingati? Magazi munawaonapo akutere? Nunkhizani. Madzi a maluwa agha, mbwenu."

Botolo linayenda m'manja awiri atatu. Woimba kwaya uja anaponya chikuni pansi mwakachetechete, ngati si iye anachinyamula. A kumbuyo anayamba kuchoka, aliyense atakumbukira mwadzidzidzi ntchito imene anaisiya kunyumba.

Apo m'pamene Mavis anacheuka. Aphunzitsi anali gone cham'mbali pakati pa maluwa awo opondedwa. Chikwanje chinali chitalowa pakati pa khosi ndi phewa, ndipo dothi linkamwa magazi.

"Wachita vichi, Yoram? Wachita chiyani?"

Yoram anayang'ana chikwanje chake, kenako mlongo wakeyo. Nkhope yake inali ya mwana wosochera.

"Si ndiwe unanena, mudumbu? Unanena wekha pamsika kuti limagwira magazi."

Mavis anathamangira pamene panali aphunzitsi. Anagwada, kuzula maluwa ndi manja onse awiri, kuwafinya, n'kuwakanikiza pabalapo monga anamuphunzitsira. Magazi anadutsa pakati pa zala zake, otentha. Anazula ena. Anakuwa kuti wina aimitse galimoto kumsewu, ndipo amene anathamanga anali Yoram yemweyo.

Aphunzitsi anatsegula diso limodzi. Anayang'ana maluwa ali m'manja mwa Mavis, n'kupukusa mutu pang'ono, ngati akukonza mwana amene walakwitsa yankho.

"Mayi," ananong'ona, "ili ndi lalikulu."

Galimoto ya matabwa itaima pamsewu, Mavis anali akuzulabe maluwa.