Njira ya Kumanda a Hezron

Azungu a bungwe lina atamanga nyumba zawo kumtunda kwa boma la Rumphi, anatseka ndi mpanda njira yathu yakumanda. Amuna anga a Hezron atamwalira, bokosi analibweza pageti. Mlonda wa pagetipo a Simeon, alamu anga enieni, akuti abwana safuna kulira pafupi ndi nyumba. Maliro tinazungulira nawo phiri ngati katundu wakuba.

Dzulo azunguwo anatiitana ife akumunsi kukamwa tiyi, ati tidziwane. Ndinapita ndi khasu.

"Amama, khasu lachiyani?" anafunsa mzungu wamkazi, akumwetulira.

"Ndikukalambula manda a amuna anga. Tiyi wanuyo imwani nokha, yewo."

Ndinaponda maluwa awo mpaka pageti lakumbuyo.

"Alamu, tsegulani!"

Anatsegula.