Nyimbo Yopanda Popumira

Esinati analota buku la nyimbo limene anakonza lija litafika pamaliro a bambo ake. Linali buku lakale la mpingo wawo, lothothoka chikuto, ndipo iye ndiye analilowetsa m'mafoni kuti anthu asamalimbirane. Koma mwana wamkaziyu phuma ndi lake. Posamutsa faelo kuchoka pakompyuta, sanaike zizindikiro zosonyeza pothera tsamba, mawu onse n'kungolumikizana ngati chingwe cha mbuzi.

Mkulu wa mpingo anayambitsa nyimbo, anthu n'kuilandira. Apa m'pamene Esinati anazindikira chimene aliyense pamaliropo ankachidziwa kale: munthu amapuma potembenuza tsamba. Tsamba likapanda malire, mpweya ulibe polowera.

Nyimbo inatha, ina n'kulowa osaodira n'komwe. Azimayi a kwaya anayamba kugwa mmodzimmodzi, pakamwa pakuimbabe. Amayi ake, a Nabiyeni, odwala mphumu, anali kutsogolo, mitsempha ya m'khosi itatupa.

Bokosi linatseguka, bambo ake n'kukhala tsonga, tayi ali chimangire.

"Mwanangu, ntchito mwaigwira," anatero mwaulemu. "Koma amayi anuwa sindinawaitane. Dulani masamba."

"Ndidule pati, ababa?"

"Pamene ankathera." Atatero anagonanso.

Esinati anaunguzaunguza. Kompyuta yake inali pansi m'dzenje la manda, ili chiyakire. Anatsikira momwemo, mdzukulu wina wokumba manda akumutsegulira buku lakale lija, iye akuika zizindikiro tsamba ndi tsamba, dothi likumugwera m'zala. Anatumiza faelo yatsopano. Kumtunda kunamveka mpingo wonse ukukoka mpweya kamodzi, ngati mvukuto.

Koma liwu limodzi linapitirira.

Esinati anakwera chokwawa, n'kupeza kuti liwulo linali la amayi ake. Foni ya a Nabiyeni inali yakale, yomanga ndi labala, imene iye anawasiyira atagula yatsopano. Foniyo inalankhula modekha: "Pepani, achemwali, mtundu uwu wa faelo sindiudziwa. Ndili ndi yoyamba ija basi."

"Amayi, itayeni foniyo! Ndapota nanu, pumani!"

Anayesa kuwalanda, koma dzanja lawo linali gwa. Anadzitsina kuti adzuke, sanadzuke. Analira mokweza, pakuti amayi ake ankawadziwa: chibadwire sanasiyepo nyimbo ya Mulungu pakati pa tsamba.

A Nabiyeni anamuyang'ana mwana wawo, maso ali psuu, liwu likuzilala. Ananyowetsa chala ndi malovu, n'kuchikweza pamwamba pa foni, kudikira pothera tsamba.