Ankawafunabe pa Foni

Amuna anga ankayendetsa makina osindikiza mabuku. Zala zawo zinkakhala zakuda chaka chonse, kaya asambe ndi sopo wanji, moti anzawo ankangowatchula kuti a Inki. Kampani itatsekedwa, mwana wathu wamkazi anawathandiza kulemba mbiri ya ntchito yawo n'kuiika pa intaneti, pamodzi ndi nambala ya foni. Iwo sanade nkhawa. Ankati si aliyense angayendetse makina aja, wina awafuna basi.

Foni inayambadi kulira. Ine ndimasoka zovala pakhonde, ndiye zonse ndinkaziona. Ikangolira ankadzuka pampando, n'kukonza kolala ngati woimbayo akuwaona, kenako n'kuyankha ndi mawu aulemu. Pakapita kanthawi mapewa ankagwa.

"Ndi ndani?" ndinkafunsa.

"Ndi omwe aja. Akuti ndizikagulitsa inshulansi. Malipiro apamwezi palibe, koma ndikagulitsa azindigawirako."

Lero a inshulansi, mawa a zosefera madzi, mkuja a mankhwala ochepetsa thupi. Onse ankayamba mofanana: taona mbiri yanu, mwatisangalatsa kwambiri. Amuna anga akafunsa kuti chakusangalatsani n'chiyani, woimbayo ankasowa chonena. Kuizimitsa foni sakanatha, poopa kuti wowalemba ntchito yeniyeni angaimbe nthawi yomweyo. Ankapita nayo ngakhale kubafa, ataikulunga m'thaulo.

Tsiku lina anatopa n'kupita kumsonkhano umene oimbawo ankawaitanira, atavala jekete imene ndinawasokera. Anakapeza holo yodzaza, anthu akuwombetsedwa m'manja, bambo wina wa nsapato zosongoka akufuula za galimoto imene aliyense adzagule. Atabwerako anavula jekete ija pang'onopang'ono.

"Mayi a mwana, ine munthu woti kupempha machesi kwa aneba ndimatuma inu, ndiye ndizikagogoda makomo a anthu?"

Tinaseka tonse. Koma tsiku limenelo chakudya anangochilawa.

Miyezi itapita, inki inatha m'zala zawo. Ndinawapeza atakhala pabedi akuzitembenuza. "Taonani," anatero, "zayera ngati za munthu wa muofesi."

Anagwa m'mawa wina akumanga lamba. Madokotala anati magazi anathamanga kwambiri. Sanayankhulenso, ndipo sabata isanathe anatisiya.

Anthu a pamaliro atabalalika, nyumba inangoti zii. Foni yawo ndinaiika m'kadilowa ka makina anga osokera, mmene ndimasunga singano ndi mabatani. Masana ena ndikupinda siketi ya mwana wasukulu, inalira. Woimbayo anatchula dzina lawo lonse, ndi la pakati lomwe, limene ngakhale ine sindinkalitchula. Ndinadula.

Itaimbidwanso, ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti, "Atulukapo."

"Abwera nthawi yanji, mayi?"

"Sananene."

Zinakhala choncho kwa nthawi ndithu. Mwina simungamvetse. Pakhomo aliyense anali atasiya kuwatchula dzina. Abale, aneba, ngakhale anzawo a kuntchito, onse ankangoti malemu. Anthu okhawo amene ankawafunabe ngati munthu woti angabwere madzulo anali omwe aja ankawasowetsa mtendere. Choncho foni ndinkaitchaja, ikalira n'kusiya kupalasa makina.

Alamu anga, ang'ono awo a amuna anga, anandipezerera tsiku lina ndikuyankha. Anadikira ndimalize.

"Mlamu, mukudzizunza. Achimwene anthu amenewa sankafuna n'kuwamva komwe. Bweretsani ndichotse simuyo."

"Isiyeni kaye," ndinatero. Iwo anapukusa mutu, koma sanalimbikire.

Kenako kunaimba mtsikana wina. Mawu ake anali aang'ono, ngati a mwana wanga. Kumbuyo kwake kunkamveka anthu ambiri akuyankhula nthawi imodzi, onse akunena zofanana. Anatchula dzina lija mosamala, n'kunena kuti mbiri yawo yawasangalatsa kwambiri.

"Yakusangalatsani pati?" ndinafunsa.

Ndinamva akudinadina kompyuta. "Pano palembedwa kuti ankasindikiza mabuku," anatero. "Ndi ntchito yabwino. Ine mabuku ndinkawakonda."

Palibe amene anali atawerengapo mpaka pamenepo. Ndinapezeka ndikumuuza zonse. Kuti ankabwera ndi mapepala otsala n'kumusokera mwana makope. Kuti akangomva phokoso la makina ankadziwa pamene pavuta. Kuti anamwalira, ndipo sadzabweranso madzulo alionse. Aka kanali koyamba kunena mawu amenewo ndi pakamwa panga.

"Pepani, mayi," anatero mtsikana uja. "Pepani kwambiri."

Ndinamva mawu a mwamuna pafupi naye, akumuuza kanthu mwaukali. Mtsikanayo anakonza kukhosi.

"Nanga inuyo, mayi, panopa muli pantchito? Tili ndi mwayi woti mukhoza kumapeza ndalama zambiri, malinga ndi khama lanu."

Ndinayembekeza kuti ndipsa mtima, koma mkwiyo sunabwere.

"Mwanangu, iweyo amakulipira pamwezi?"

"Ayi, mayi." Anatsitsa mawu. "Pokhapokha amene ndamuimbira akabwera. Ndinaphunzira za unamwino, koma malo sakupezeka."

"Amayi ako akudziwa kuti uli kumeneko?"

"Amadziwa kuti ndili muofesi."

Kenako ananong'ona kuti nambalayo aichotsa, asadzandivutitsenso. Ndinatsala pang'ono kumuuza kuti aisiye, koma ndinangoti zikomo, Mulungu akuone. Foni inaduka.

Anachitadi zimene ananena. Makampani enawo nawonso anayamba kuchepa, mpaka mwezi wathunthu unatha foni osalira.

Foni ya mwana wanga itasweka galasi, anabwera pakhonde n'kuima pafupi ndi makina, akusisita msomali pathebulo.

"Amayi, ya adadi ija ndingagwiritse ntchito? Nanenso ndayamba kutumiza makalata ofunsira ntchito, ndiye anthu akufunika azindipeza."

Ndinatsegula kadilowa n'kumupatsa. Anachotsa simu ya bambo ake n'kuikamo yake, kenako anakhala pansi pambali panga n'kuyamba kundidulira ulusi pamadiresi amene ndinali nditamaliza. Foniyo anaiika pamiyendo, ndipo ankaiyang'ana pafupipafupi.