Maliro a ku Nambala 14

Matekisi awiri anaima pageti nthawi itangopitirira 2 koloko masana, anthu atabwerako kale kumapemphero a Juma. Shaibu anasuzumira pazenera la kanyumba kake ka ulonda, ndipo ataona amayi asanu ndi mmodzi akutsika, onse ali m'zitenje ndi maduku, anadziwiratu kuti tsiku lake lawonongeka. Mu Doha muno mkazi wa ku Malawi savala chitenje Lachisanu, tsiku lokhalo la ofu. Amavala jinzi ndi magalasi akuda n'kukajambulitsa atatsamira galimoto ya eni ake, kuti akumudzi aziti zikuyenda. Chitenje chikatuluka m'chikwama ndiye kuti kwagwa zovuta.

Patsogolo panali Mayi Walije, amene anali atatha zaka zisanu ndi zinayi akuchapa zofunda pa hotela ina ku Al Sadd. Mtsikana aliyense wofika kumene ankauzidwa kuti akayambe waonekera kwa iwo.

"Mwaswera, achimwene? Tabwera kwa Sakina."

"Ndaswera, mayi. Ndamva zimene zachitika, pepani."

"Musapepese ife. Tsegulani tikapepese mwini wake."

Sakina anali wantchito wa m'nyumba ya nambala 14. Dzulo lake, ali mkati mosita, analandira foni yoti mwana wake wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri wamwalira ku Namwera, ndipo pofika madzulo anali ataikidwa kale, monga amachitira Asilamu. Madamu ake anamugwira paphewa, anamupatsa madzi ozizira, kenaka anamukumbutsa mwaulemu ndithu kuti holide yake ndi ya mu Julaye. Uwu unali mwezi wa Febuluwale.

Lamulo la kompaundi imeneyi ya ku Al Markhiya, ya nyumba makumi awiri ndi zinayi, linali lomatidwa pagalasi pamaso pa Shaibu penipeni: mlendo asiye ID pageti, ndipo asalowe mwini nyumba asanavomere pafoni. Anaimbira bwana wa nambala 14, foni inangoitana. Anayesa ya madamu, sinapezeke. Banja lonse linali litapita kuchipululu kukawotcha nyama.

"Sakuyankha, mayi. Popanda pemishoni ine sindingathe."

"Pemishoni ya maliro?" Mayi Walije anagwira m'chiuno. "A Shaibu, munabadwira kuti inu? Yunifomuyi yakulowani mpaka m'mutu? Taonani apa."

Anamusonyeza foni. Unali uthenga wa Sakina, mawu atatu okha: bwerani, ndifa ndekha.

Tisamuweruze msanga Shaibu, chifukwa nayenso anali pamoto. Mwezi wathawo njinga ya mwana inasowa mukompaundimo. Eni nyumba anapanga komiti ya chitetezo, anawonjezera makamera anayi, ndipo gulupu yawo ya WhatsApp sinkapuma. Njingayo inapezeka patapita masiku atatu kuseri kwa dziwe losambira, pomwe mwini wake anaisiya, koma mantha sanabwerere komwe anachokera. Kampani ya alonda inali itamupatsa kale Shaibu makalata awiri omuchenjeza, ina chifukwa cha wanjinga yamoto wobweretsa zakudya amene analowa osalembedwa, ina chifukwa cha mphaka wa ku nambala 7 amene anatuluka osatsanzika. Yachitatu inali ndege yobwerera kwawo. Ndipo kwawoko, ku Ntaja, kunali mkazi ndi ana atatu amene ankadya geti lomweli.

Koma anakumbukanso tsiku lina zaka ziwiri zapitazo, pamene bambo ake omubereka anamwalira. Anaima pageti pomwepa maola khumi ndi awiri akumwetulira magalimoto, popanda ngakhale munthu mmodzi womukhalira pafupi. Mpaka lero zinkamupweteka.

"Twente minitsi basi," anatero akutsegula kageti ka oyenda pansi. "Mudutse kuseri, njira ya mabini. Ndipo chonde mayi, mwakachetechete."

"Ife ndife akuluakulu, mafi mushkila, palibe vuto."

Ma-ID sanatenge, m'buku sanalembe. Anaganiza kuti kulemba mayina a alendo amene mwini nyumba sanavomere n'kudzilembera wekha mlandu.

Amayi aja anayenda mondondozana mpaka kuseri kwa nambala 14. Kachipinda ka Sakina kanali kokwana bedi ndi munthu mmodzi, choncho anavula nsapato n'kukhala pansi panja pomwepo, miyendo atawongola. Lonjezo lawo analisunga mpaka pamene chitseko chinatseguka. Sakina anali atagwira misozi usana ndi usiku wathunthu, akutsuka mbale ndi kuyala mabedi, ndiye atangoona zitenjezo anayamba kulira mokweza.

"Asiyatu wanga ine! Mwana wanga ine, wapita osandiona!"

Maliro a kwathu salirika chamumtima, ndipo wodzapepesa sangangokhala ndwii mnzake akulira. Wina anamuyankha, winanso anapokera, mpaka onse asanu ndi awiri anali mkati. Nthawi imeneyo Lachisanu kompaundi imakhala zii, anthu atakhuta akugona, ndiye kulirako kunadumpha mipanda yonse. Makatani anayamba kugwedezeka. Foni ya pageti inalira, nambala 12. Asanaiike pansi inaliranso, nambala 16. Shaibu anathamangira kuseri kuja, geti n'kulisiya lokha, ndipo anapeza madamu a ku nambala 9, wapampando wa komiti ya chitetezo, atafika kale, foni ili m'mwamba akujambula.

"Anthu awa ndani? Alowa bwanji muno?"

Amayi aja anadzuka mmodzimmodzi, nsapato zili m'manja, n'kutuluka njira yomwe analowera. Mayi Walije podutsa sanamuyang'ane Shaibu kumaso. Anangoti, "Pepani achimwene, zatithawa."

Msonkhano unachitika Loweruka 5 koloko madzulo, muholo ya pafupi ndi dziwe losambira. Eni nyumba anabwera ambiri kuposa tsiku la njinga lija. Shaibu anamuimika kutsogolo, pambali pa supavaiza wake Swaleh, mkulu wa ku Mombasa amene ankamukonda koma ankakondanso ntchito yake. Sakina kunalibe, chifukwa antchito a m'nyumba saitanidwa kumsonkhano wa eni nyumba.

Anayamba n'kuonetsa zimene makamera anajambula, pa TV yaikulu. Shaibu anadziona akutsegula kageti, akuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba nkhuku. Ngakhale iye mwini akanakhala woweruza sakanadzikhulupirira.

"Ine ndinkayesa akupha munthu," anatero mayi wa ku nambala 12. "Ana anga mpaka pano akufunsa."

"Tsopano anthu asanu ndi mmodzi osadziwika akudziwa nyumba zimene zimakhala zopanda anthu Lachisanu," anatero bambo wa ku nambala 16.

Wina anakumbutsa za magalimoto othamanga pafupi ndi bwalo la ana, wina za nyali yakufa pakona, ndipo mwini mphaka wa ku nambala 7 anapezerapo mwayi wodandaulanso. Sikuti anali anthu oipa. Ambiri ankamupatsa moni Shaibu m'mawa uliwonse, ndipo nthawi ya Ramadani mbale zinkachuluka pageti. Kungoti aliyense anali ndi mantha ake, ndipo tsiku limeneli manthawo anali atapeza munthu womuloza.

Atamupatsa mpata, Shaibu anayesa kufotokoza m'Chingerezi chake cha pageti. Anati kwawo munthu akaferedwa sasiyidwa yekha, anzake amabwera kudzakhala naye pansi, ndipo wobwera pamaliro sabwezedwa pakhomo. Mawu amene m'Chichewa akanamveka aulemu, m'Chingerezimo anatuluka ngati zifukwa za munthu wogwidwa.

Kumbuyo kunadzuka nkhalamba ya ku nambala 3, imene aliyense ankaitchula kuti Haji.

"Mkazi wanga atamwalira mu Disembala," inatero pang'onopang'ono, "tinamanga tenti mumsewu umu. Mlonda ameneyu anatsegula geti masiku atatu. Sindinamuone akufunsa munthu ID, ndipo sindinamve wina akudandaula."

Mtima wa Shaibu unayamba kutsika.

"Amenewo anali alendo a mwini nyumba, Haji," anayankha madamu a ku nambala 9 mofatsa. "Si zofanana."

Nkhalambayo inayang'ana uku ndi uku kufuna wina woithandiza, koma aliyense anali atapeza chowerenga pafoni. Inakhala pansi.

Apo m'pamene anaimirira bwana wa ku nambala 14. Nkhope yake inali itafiira ndi manyazi, poti nyumba yake ndi imene inali pa TV.

"Ine ndikufuna kudziwa chinthu chimodzi chokha. Anawaitana ndani? Ngati ndi mtsikana wanga, khalas, zatha basi, sabata ino yomwe ndimukweza ndege abwerere kwawo."

Swaleh anayandikitsa pakamwa pake kukhutu kwa Shaibu.

"Nena kuti mtsikanayo ndi amene anawaitana, ndipo anakunamiza kuti madamu avomera. Ukatero zotsalazo ndikonza ine, kalata yachitatu siituluka. Uli ndi ana, m'bale wanga."

Shaibu anali atauona uthenga uja ndi maso ake, choncho theka la zimene Swaleh ankafuna linali loona. Anaganiza za mkazi wake ku Ntaja. Kenaka anaganiza za mkazi amene wataya mwana Lachinayi, kuti pofika Lamulungu atayenso ntchito, ndipo womukankha akhale Mmalawi mnzake. Pakamwa pake panakana.

"Ndinawaitana ndine, bwana. Sakina sankadziwa chilichonse."

Swaleh anatseka maso n'kupumira m'mwamba. Zotsalazo sizinachedwe. Eni nyumba anakweza manja povota, ndipo kupatula Haji, onse anagwirizana kuti kampani ibweretse mlonda wina. Anawonjezeranso lamulo latsopano, loti antchito a m'nyumba asamalandire alendo m'kompaundi, kaya ndi pa chifukwa chanji.

Lamulungu m'mawa basi ya kampani inamubweretsa kudzapereka makiyi. M'kanyumba muja munali kale mlonda wina, wa ku Nepal, akuwerenga lamulo latsopanolo lomwe linali litamatidwa pansi pa lakale. Shaibu anatenga kapu yake, mkeka woswalira ndi tchaja. Swaleh anamuuza, osamuyang'ana, kuti tikiti yake ndi ya Lachinayi.

Akutuluka, Shaibu anaona Sakina akubwera ndi thumba la zinyalala kumabini a pafupi ndi geti. Maso ake anali otupa, yunifomu ili yosita bwino. Tinene zoona, Shaibu anaima akuyembekezera zikomo. Anali atakonzeratu ndi yankho lake, loti palibe kanthu mlongo wanga, Mulungu ndiye amadziwa.

Sakina anaponya thumbalo m'bini, ndipo analankhula atayang'ana bini lomwelo, poopa kamera.

"Ndamva zimene munanena kumsonkhano, achimwene."

"Palibe kanthu, mlongo wanga..."

"Munanamiranji?"

Shaibu asanayankhe, Sakina anapitiriza.

"Kuyambira Lachinayi ndakhala ndikuwagwadira kuti andilole ndipite, akuti kontilakiti, akuti Julaye. Ndekha tikiti ndingaitenge kuti? Bwana atabwerako kumsonkhano anandiuza kuti ndili ndi mwayi, ndikanakhala kuti ndinawaitana ndine bwenzi atandikweza ndege. Mwayi! Mukanangonena zoona, bwenzi sabata ino ndili pamanda a mwana wanga."

"Ine ndimati ndikutetezereni ntchito."

"Ntchitoyi ndinkagwirira ndani, achimwene? Si Asiyatu?"

Sananene mokalipa, ndipo n'chimene chinamupweteka kwambiri Shaibu. Anali atataya chakudya cha ana ake atatu kuti amutsekere mayiyu m'kachipinda komwe ankafuna kuthawamo, ndipo panalibenso msonkhano wina woti akabwezeko mawu.

Basi inaliza hutala. Dalaivala anatulutsa mutu pazenera n'kukuwa, "Yalla, yalla!"

Sakina anapukuta manja pa epuloni.

"Ntaja ndi Namwera si kutali kwenikweni. Mukafika mukafunse kwa a Jafali pafupi ndi mzikiti, ndi bambo anga. Akakusonyezeni pamene anamuika. Mukajambule, mutumize kwa Mayi Walije. Foni yanga madamu asunga."

"Ndikapita," anatero Shaibu.

Anamuyang'ana akubwerera njira ya mabini, mpaka anakhotera kuseri kwa nambala 14. Kenaka anakwera basi, mkeka uli m'khwapa. Geti linatsekeka kumbuyo kwake, ndipo mlonda watsopanoyo anayang'ana wotchi n'kulemba m'buku nthawi imene watulukira.