Matikiti Okulungira Mtedza

Sellah anatsala pang'ono kutsamwa atayang'anitsitsa pepala limene anamukulungiramo mtedza. Inali tikiti! Tikiti ya madyerero a gulu la amayi othandiza odwala ku Area 43, nambala yake ikuoneka bwinobwino pakona. Matikitiwa anasindikiza ndi iye pa kashopu kake ka mu Old Town, ndipo inali ntchito yaikulu yoyamba chitsegulireni.

"Anaphiri, mapepala awa mwawatenga kuti?"

"Iii, mwayamba kale kuiwala muli mtsikana? Si kwanu komwe? Amuna anu anandipatsa katoni yathunthu," anayankha mayi wogulitsa mtedzayo.

Mapepala owonongeka a pashopupo ankapitadi kwa Anaphiri kuyambira kale. Koma katoni iyi inali ya matikiti oyamba, amene anatuluka otuwirako. Sellah anasindikiza ena a manambala omwewo, oyambawo n'kuwakankhira pansi pa tebulo kuti adzawotche. Gladson, mwamuna wake, ndi ukhondo wake wosafunsa uja, anangonyamula.

"Atsala angati?"

"Mayi, mtedza ukuyenda mwezi uno. Atha."

Kushopu Gladson anangokanda m'mutu. "Ingokhala chete, Sellah. Ndani angapite ku Area 43 ndi pepala la mtedza?"

"Anthu a mu Lilongwe simuwadziwa inu. Nyama yowotcha yaulere? Adzabwera ndi azilamu awo omwe!"

Mantha anali nawo, koma Sellah anakwera minibasi ya ku Area 43. Mayi Zubeida Gani, wapampando wa gululo, anamvetsera ali pakhonde, nkhope itachita mdima.

"Matikiti tagulitsa kale, chakudya ndi cha anthu owerengeka. Mukufuna ndichite manyazi pamaso pa alendo?"

"Ayi, mayi. Abwinowo ndinawaboola mzere wong'ambira, oipawo alibe. Pageti ndidzaima ndine."

"Chabwino. Koma akadzangolowa mmodzi wa mtedza, shopu yanu ndidzaitchula pa maikolofoni, aliyense amve."

Loweruka masana Sellah anaima pageti pambali pa mlonda, tikiti iliyonse akuisisita ndi chala. Ndipotu anabwera, abale! Wina anali bambo wa suti, tikiti yake ili yosalala zedi koma yopanda mzere.

"Achimwene, mpaka munachita kuisita?" anafunsa Sellah.

Bamboyo anaseka chamanyazi n'kubwerera. Ena anatukwana, wina anati amuonetsa zakuda. Sellah sanasunthe.

Kenaka panafika bambo wachikulire atavala jekete lalikulu kuposa thupi, mkazi wake ali pambuyo m'chitenje chatsopano. Anapereka matikiti awiri ndi manja onse. Chala cha Sellah sichinapeze mzere.

"Bambo, awa munawapeza kuti?"

"Ndinagula kudepoti, mayi. Munthuyo anati ndi otsala, n'chifukwa chake anatsitsa mtengo. Ine ndine Jobu, ndimasamalira maluwa ku Area 12. Zaka zonsezi maphwando ndimangowamvera kuseri kwa mpanda. Ndinati mayi awa adzaoneko kamodzi."

Sellah anamva chisoni. Anthuwa sanabere aliyense; anawapweteka ndi mapepala a pashopu pake. Koma kuwalowetsa ndi matikiti amenewa sakanatha.

"Taimani pamthunzipo, musachoke."

Anauza mlonda kuti atseke kaye geti, iye n'kupita patebulo la Mayi Gani, pamene panali matikiti ochepa otsala. Anatulutsa ndalama zimene anasungira inki ya sabata yamawa.

"Ndipatseni awiri."

"Mukugula matikiti osindikiza nokha?" anadabwa Mayi Gani.

"Eya, pa mtengo wake wonse."

Anabwerera, nang'amba yekha matikitiwo pamzere, n'kupereka kwa a Jobu. Mkazi wawo anawomba m'manja atanyonyomala, awiriwo n'kulowa akuponda kapinga mosamala.

Sellah anapukuta m'maso ndi chigongono, natambasula dzanja.

"Wotsatira!"